Thunthu la Nthochi pa Msewu wa Asilikali

Ana inu, dzulo ndinakumvani mukuuza wa kabaza kuti akusiyeni "pa Asilikali." Nditakufunsani kuti asilikali ake ati, nonse munangoyang'anana. Tadala ndiye anati mwina kale panali kampu. Kampu kuno kwathu, pakati pa nandolo ndi chinangwa? Tabweretsani lichero la nandoloyo kuno, manja azisenda makutu akumva. Ndikuuzani, ngakhale kuti nkhaniyi imandichotsa ulemu ine ndemwe.

Kale uwo sunali msewu. Inali njira yoti mukakumana ndi munthu wosenza nkhuni, mmodzi amayamba walowa m'munda mwa eni. Popita ku sikelo ku Njuli timanyamuka mame asanaume, mwana kumbuyo, chinangwa chophika m'kansalu. Mvula ikagwa timakwinya nsalu mpaka m'ntchafu n'kuwoloka mtsinje titagwirana manja. Wodwala amapita kuchipatala atagona pa chitseko, amuna atasenza, ndipo nyumba yake imagona yosatseka mpaka chitsekocho chibwerere. Inu lero mukangoyenda kuchoka pano kufika pamjigo mumati miyendo yatupa.

Matipate itabwera, chilichonse chinakhala ndi komiti. Mjigo komiti, sukulu komiti, ndipo mbuzi zikanakhala zoyankhula bwenzi nazonso zitasankha tcheyamani. Ndi masiku amenewo pamene anthu a ku boma anabwera kudzanena kuti tikakuza njira ija ndi makasu athu azitipatsa chimanga. Tinakumba chilimwe chonse. Ine ndinali mayi wachitsikana, Filisi mayi wanuyu ali kumbuyo, mutu wake ukugwedera nthawi iliyonse khasu likamenya pansi. Mwina n'chifukwa chake mpaka lero amavomera zilizonse.

Msewu utatha, wina anati ku Limbe misewu ili ndi mayina, wathu ulekerenji? Apo ndiye panabuka mkangano. Mudzi uliwonse umafuna dzina lake. Akumtunda akuti msewu wayambira kwawo, akumunsi akuti iwo ndiwo anathyola makasu pamiyala. Kenaka aphunzitsi ena opuma anaimirira n'kunena kuti njira imeneyi ndi yomwe anyamata a kuno anadzera popita kunkhondo yaikulu ya Azungu ija, ndiye tiutche Msewu wa Asilikali, chikhale chikumbutso chawo. Tonse tinawomba m'manja. Musaganize kuti timawakonda kwambiri asilikaliwo. Aliyense amangosangalala kuti mudzi wa mnzake waluza.

Mwa onse amene anapita kunkhondoko, amoyo anatsala awiri. Mmodzi anali a Che Saidi a pafupi ndi mphambano, omwe makutu anali atatseka kalekale. Wina anali amalume anga, a Dankeni, achimwene awo a mayi anga. Iwowa anakhala pa chikamwini ku Mikolongwe moyo wawo wonse, ndipo akazi awo atamwalira anabwerera kuno kwawo. Poti mayi anga anali atatisiya kale, wowaphikira ndi kuwachapira ndinali ine. Anali munthu wosachuluka mawu. Amameta ndevu tsiku ndi tsiku ndi kalezala kobuntha, ndipo ukawafunsa za nkhondo amangokuuza za mvula ndi misundu, basi.

Tsiku lina tcheyamani wa komiti ya msewu, a Mangwaya, anafika pakhomo pano atakwera njinga.

"Amake Filisi," anatero, "bwana wa ku boma abwera kudzadula liboni. Ntchito yanu ndi imodzi yokha. Madalawa asambe, avale za usilikali, inu muwagwire mkono kukawakhazika pampando pafupi ndi bwana. Koma asayankhule zambiri. Kubweranso wojambula."

Ana inu, mawu akuti wojambula aja anandilowa m'mutu ngati mowa. Ine chibadwire ndinali ndisanajambulidwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ngati msewuwo autchula dzina langa.

Patapita masiku, ndikuyanika makaka pa thandala, amalume anandiitana pakhonde.

"Esinati, tsiku la mwambolo ndikufuna tiike Yotamu."

"Yotamu wake uti, amalume?"

"Waona? Iwenso ukufunsa kuti uti."

Ndinachita manyazi, chifukwa dzinalo ndinalimvapo ndili mwana. Yotamu anali mng'ono wawo. Anapita limodzi kunkhondo, koma kobwera anabwera okha a Dankeni. Yotamu anafera kutsidya la nyanja yaikulu, m'nkhalango, ndipo ngakhale mkulu wakeyo sanaone pomwe anamukwirira. Tsono mudziwe, kwathu kuno munthu akafera kutali, mtembo wake osafika, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, kulilira ndi kuliika m'manda ngati munthu, kuti mzimu wake udziwe pogona. Koma anganga anga, mayi wawo wa awiriwa, anakana. Amati mwana wawo sanamuone atafa, ndiye sangalire nthochi. Anakana mpaka iwo eni analowa m'manda. Pambuyo pake abale amati tikakolola, tikakolola amati chaka chino kuli njala, njala ikatha akumpingo amati zimenezo n'zachikunja. Zaka zinapita motero, ndipo omudziwa Yotamu ankatha mmodzimmodzi.

"Anatulukira njira imeneyi," anatero amalume. "Ngati akuti msewuwu ndi wathu, alowerenso momwemo."

Ine m'mutu munali chithunzi chokhachokha. Ndinati, "Amalume, mwambowu udutse kaye. Zimenezo tidzachita pambuyo pake."

"Pambuyo pake ndi kumene ndakalambira ine," anatero.

Komabe ndinapita kwa a Mangwaya kukawauza, kuti mtima wanga usandiimbe mlandu. Iwo anadumpha ngati aponda moto.

"Maliro? Munthu achoke ku boma, awotche mafuta a galimoto, ife timulandire ndi misozi? Adzatipatsanso mlatho wa pamtsinje paja ameneyo? Amake Filisi, kawauzeni madala kuti nthochi n'zakudya."

Pobwera sindinanene zimenezo. Ndinangoti akomiti akuganizira. Amalume anangoti nditulutse jasi lawo la usilikali m'bokosi ndiliyanike padzuwa. Ine ndinati zatheka, madala amva.

Ndiye ndinayamba kukonzeka. Kabudula wawo wa khaki njenjete zinali zitamudya kumatako, ndinamusoka ndi chigamba cha thumba la ufa. Mamendulo ndinawakwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka amathobwa m'maso. Zimenezo zinali zapafupi. Ntchito yaikulu inali pa ine. Ndinagula chitenje chatsopano. Ndinakabwereka nsapato za gogoda kwa akazi a aphunzitsi, ngakhale kuti phazi langa ndi la kumunda, lotambalala ngati khasu. Ndimaphunzira kuyendera kuseri kwa nyumba, nkhuku zokha zikuonerera. Agogo anu aamuna anandipeza tsiku lina nditagwira khoma n'kundifunsa kuti, "Kodi walasidwa ndi minga?" Tsitsinso ndinawotcha. Inu a masiku ano mumangolowa mu saluni, koma ife timaika chipeso chachitsulo pamakala, mnzako n'kumakupesa nacho utapaka mafuta, utsi uli tolotolo. Mnzanga amake Joni ndiye anandipesa, ndipo poti pakamwa pake sipamatseka, anawotcha ndi khutu lomwe. Chipsera chake ndi ichi, bwerani muone. Iwe Tadala, ndati uone, sindinati ukoke.

Kutatsala tsiku limodzi, anyamata anadula mitengo ya nthochi n'kuizika uku ndi uku pamphambano, kupanga chipata cholandirira alendo monga timachitira paukwati. Anamanga chisakasa, anabwereka mpando wa khushoni kwa mwini sitolo kuti akhalepo bwana, amayi tinaphika thobwa m'migolo, a gule wa tchopa anawamba ng'oma zawo.

M'mawa mwake ndinatenthetsa madzi n'kukagogoda kwa amalume. Zii. Nditakankha chitseko, munthu mulibe, ndodo palibe, jasi palibe, ndi mkeka womwe palibe. Ndinati mwina chimwemwe chawadzutsa, atsogola. Ndinavala msangamsanga, Filisi ndinamusiyira bambo ake, n'kuuyamba ulendo pa gogoda paja. Ndisanafike n'komwe pamtsinje ndinali nditagwa kale, bondo litasupuka. Ndinavula nsapatozo n'kuzinyamula m'manja. Ndipo ndipamene ndinamva kulira kuchokera kumphambano.

Ndinathamanga. Nditayandikira ndinaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu, uku ndi uku, monga timachitira pakagwa maliro. Anthu a njinga anali atatsika, akukankha, zipewa zili m'manja. Amayi amene anabwera kudzavina anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, akulira mokweza. Paja ife tikaona masamba timayamba talira, kufunsa kumabwera pambuyo. Atangondiona ine ndikubwera, wopanda nsapato, bondo likuchucha magazi, tsitsi lowotcha lija litaima chifukwa cha thukuta, kulira kunawirikiza.

Amake Joni anandikumbatira. "Limbani mtima, anzanga, limbani mtima! Munawasamala, tonse tinaona."

"Wamwalira ndani?"

"Mayo ine, sakudziwa! Mukhazikeni pansi, sakudziwa!"

Anandilozera kutsogolo kwa chisakasa. Pamenepo panali mkeka wa amalume, ndipo pamkekapo panagona chinthu chachitali ngati munthu, chitafundidwa jasi lomwe ndinayanika ndi manja angawa. Ndinaponya nsapato za eni kutali n'kuyamba kukuwa, "Amalume ine! Amalume mwandisiyira yani!"

Kenaka kuseri kwa chisakasa kunamveka mawu.

"Esinati, usathe misozi. Wasokoneza mwini maliro."

Anali amalume, atakhala pansi pamodzi ndi a Che Saidi, mamendulo ali pachifuwa ngwee. Amake Joni anakuwa n'kuthawira m'munda wa nandolo, ndipo amayi ena anamutsatira osadziwa chomwe akuthawa. Nditayang'ana chipata chija ndinaona kuti mbali imodzi yagumuka. Madala awiri aja anali atazula mtengo umodzi wa nthochi, kusadza masamba ake, n'kugoneka thunthulo pamkeka. Momwe anaugwetsera, anthu oti mpando amadzukapo mochita kuwakoka, mpaka lero sindidziwa.

Posakhalitsa a Mangwaya anafika, atavala tayi. Ataona masamba aja nkhope inasintha.

"Ndani wachita zimenezi? Chotsani msanga! Galimoto ili m'njira!"

Palibe anasuntha. Masamba a maliro sachotsedwa maliro asanaikidwe, ndipo aliyense amaopa kuti akawatola atengera malirowo kunyumba kwake. A Mangwaya eni akewo manja anali atawabisa m'matumba. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Amake Filisi! Ndinakupatsani ntchito imodzi, imodzi yokha! Awa ndi amalume anu. Chotsani ndinu."

Ana inu, ndinapita. Musandiyang'ane choncho, ndinapitadi. Anthu onse akuona, ndinawerama n'kugwira nthambi imodzi. Mumtima ndimati mwina zinthu zingakonzeke, tidzutse nthochiyo, ndipukute bondo, wojambula asaone kanthu. Amalume sanakalipe. Anangoyankhula ali chikhalire.

"Chotsa ngati ukufuna, mwanawe. Koma omudziwa nkhope Yotamu tatsala awiri, ndipo mnzangayu wayamba kutsokomola."

"Akuti chiyani?" anakuwa a Che Saidi.

"Ndikuti ukutsokomola!"

"Eya, ndimamudziwa! Amaseka ngati mluzu! Ife kwathu za nthochi sitichita, koma Yotamu ndimuperekeza!"

Nthambi ija inandilemera m'manja. Ndinaibwezera pomwe inali, n'kukhala pansi pakati pa msewu, pafumbi, ndi chitenje changa chatsopanocho. Ndinatambasula miyendo ngati namfedwa. A Mangwaya anandiitana dzina kangapo, ine maso pansi.

Galimoto inatulukira ili ndi liwiro, fumbi kumbuyo, koma dalaivala ataona masamba anaponda buleki n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Bwana uja anatsika. Anali wachinyamata ndithu, wa suti yotuwa. A Mangwaya anathamangira kukafotokoza, mawu akugundana m'kamwa, koma amalume anadzuka ndi ndodo yawo n'kuima chilili, mowongoka momwe ndinali ndisanawaonerepo.

"Bwana, mwabwera kudzatikumbukira, zikomo. Ife awirife musavutike nafe, tikudzikumbukira tokha. Koma apa pagona mng'ono wanga. Anachoka ndi njira iyi ali mnyamata wosakwatira, ndipo mpaka lero sanafike pakhomo. Tikupempha atsogole ndiye."

Bwana anayang'ana mpando wa khushoni uja, anayang'ana mkeka. Kenaka anakweza buluku lake pang'ono m'mawondo n'kukakhala pansi pamodzi ndi amuna anzake. Sindikudziwa kwawo, koma mayi ake anamulera. Bwana atakhala pansi, a Mangwaya akanaimiranso chiyani? Nawonso anakhala, tayi ili lendee. Amfumu athu anangoti, "Masamba agwa kale, manda atseguke," n'kutuma anyamata kuti atsogole ndi makasu.

Thobwa la chikondwerero linamwedwa ndi okumba manda. A tchopa anagoneka ng'oma zawo n'kuyamba nyimbo za maliro, ndipo akumpingo omwe amati n'zachikunja aja ndi amene amatsogolera mawu. Amake Joni anatuluka m'nandolo muja ali ndi zitsotso m'mutu, n'kulowa pamzere ngati palibe chachitika. Amuna anapanga machira a nsungwi, ananyamula thunthu lija, ndipo tinayenda nalo msewu wonse, kuchokera pamphambano mpaka kumanda kwathu kuno. Anthu amatuluka m'minda, kusiya makasu, n'kulowa pagulu. Ena amafunsa kuti wamwalira ndani, akamva kuti Yotamu amagwedeza mutu mwachisoni, kenaka n'kunong'oneza mnzawo, "Yotamu wake uti?" Liboni sinadulidwe tsiku limenelo. Wojambula anati sangawononge filimu yake pamaliro opanda womulipira, anakwera njinga yake n'kubwerera ku Njuli. Dzina lija linangokhazikika lokha, pakamwa pa anthu.

Titafika kumanda, anatsitsa thunthu lija m'dzenje, likadali m'jasi. Kenaka amayi onse anandiyang'ana ine. Paja woyambitsa kulira kwenikweni pamanda ndi mkazi wa pambumba, ndipo anganga kunalibe, mayi anga kunalibe, wamkulu ndinali ine. Koma ndimulira bwanji munthu woti sindinamuonepo? Misozi yanga ndinali nditaimwaza kale pamphambano, polira munthu wamoyo. Ndinayesa kufinya maso, ndinayesa kukumbukira zowawa zanga zonse, ndi bondo lomwe, koma ayi ndithu. Ndimangoona nthochi.

Amalume anandigunda ndi chigongono.

"Esinati, ndililire m'bale wanga. Ine ndine msilikali, sindingathe."

Anawerama movutikira, natapa dothi, naliponya m'dzenjemo. Anati, "Yotamu, wafika. Amayi ali apa, kumanja kwako." Mawu otsirizawo sanatuluke bwino. Anatsamira pa phewa langa, ndipo nditacheuka ndinaona madala aja, ometa ndevu tsiku ndi tsiku, osadandaula kanthu, akulira kukamwa kuli yasaa ngati kamwana kotayika pamsika. Apo sindinachitenso kufinya. Ndinalira mpaka mawu anandithera, ndipo amayi onse analandira.

Amalume anakhalabe nafe zaka zingapo, akudya bwino, akukangana ndi a Che Saidi mokuwa mpaka mudzi wonse kumva. Atamwalira tinawaika pambali pa mng'ono wawo, monga ananenera.

Ndiye chilimwe chino tikamakalambula kumanda, mudzaona kamtumbira kakang'ono pafupi ndi mtengo wa mthethe, kopanda chiliza. Chaka chatha ndinakuonani mukukadumpha, wina mpaka anatsamiritsapo khasu. Mudzakalambule bwinobwino, ndipo mudzagwade pochita zimenezo. Amenewo ndi agogo anu a Yotamu. Inde, Tadala, ndi nthochi. Udzagwadabe.